Mabiringano owotcha si ndiwo zopserera

Loweruka lapitali ndinakwiya kwambiri pakhomo panga, ndipo mkwiyowo sunaphwe mpaka lero. Ndinatenga mabiringano akuluakulu atatu, ndinawabaya ndi foloko kuti asaphulike, kenako ndinawaika pamakala a moto pambaula n'kumawatembenuza kwa mphindi pafupifupi 20, mpaka khungu lake linada bii ndi kukwinyika, m'kati mutafewa ngati nthochi yakupsa. Ndinawasiya m'mbale kuti azizire, ine n'kupita kuseri kukasinja chitowe. Pobwerako ndinapeza mbale itatsukidwa, mabiringano anga atatayidwa kudzala, ndipo alamu anga amene anabwera kudzatichezera ali kalikiliki kudula ena amene anatsala m'dengu, uku mafuta odzaza kapu akuthetheka mupoto. Anandiuza mopanda nkhawa n'komwe kuti, "Alamu, ndiwo zanu zija zinapserera, ndiye ndati ndikukonzereni zoti munthu n'kudya." Akuluakulu sananame kuti safunsa anadya phula.

Mabiringano aja sanapserere ayi. Kuda kwa khungu lija ndiye inali ntchito imene ndinakolezera moto, chifukwa khungu likamapsa, utsi umalowerera m'kati n'kusiya fungo lokoma limene poto sangalipereke. Chakudya chimene ndinkakonzacho chimatchedwa baba ghanoush, ndipo n'chotchuka ku Lebanon, Syria, Palestine ndi Jordan. Mabiringano akazizira, munthu amasenda khungu lakuda lija ndi zala, osawatsuka chifukwa madzi amachotsa fungo la utsi, n'kuwaika pasefa kwa kanthawi kuti madzi ake owawira akhe. Akatero amawanyenya ndi foloko n'kuthiramo masipuni awiri a chiponde cha chitowe, chimene eni ake amachitcha tahini, madzi a ndimu, kachidutswa ka adyo wosinja ndi kamchere kapansonga ya zala. Eni chakudyachi amadontheza pamwamba timafuta ta azitona ndipo amadyera buledi wawo wopyapyala, koma ine ndimasusira ndi kaloti, nkhaka kapena mbatata yowotcha. Mtondo wathu womwewu umasinja bwinobwino chitowe chokazinga, ndipo chitowecho chimalimidwa konkuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, choncho palibe chachilendo chimene chimafunika kupatula dzina lokhalo.

Chimene chikundiwawa si mabiringano atatu, koma maganizo akuti ndiwo zimene sizinasambe m'mafuta si ndiwo. Kukoma kwa chakudya sikuchokera m'botolo la mafuta. Ndikubwerezanso kuti botolo la mafuta si limene limaphika. Tafika poyeza ulemu umene mlendo walandira poona kuchuluka kwa mafuta amene akuyandama pamwamba pa mbale, moti mayi akapereka ndiwo zopanda mafuta oonekera amanenedwa kuti ndi woumira, kapena kuti pakhomopo pagwa umphawi. Mwina zinayamba chifukwa kale mafuta anali a anthu a ndalama okha, koma chimenecho si chifukwa choti munthu azitayira mnzake chakudya. Chimanga chowotcha timachidya chili ndi mawanga akuda ndipo palibe amene amati chapserera. Mbatata yofukula m'phulusa timaipala n'kudya mokondwa. Agogo athu anatilera ndi nkhwani wotendera nsinjiro ndi therere, wopanda ngakhale dontho la mafuta a m'sitolo, ndipo tinkanyambita zala. Nanga n'chifukwa chiyani biringano likadutsa pamoto womwewo likusanduka zinyalala?

Ine sindinayambe kuwotcha mabiringano pofuna kudzionetsa kuti ndimadziwa zakudya zakunja. Chaka chatha adokotala anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri ndipo ndiyenera kuchepetsa mchere, mafuta komanso thupi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asamafike magalamu 5 a mchere patsiku, umene ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, ndiponso kuti azidya zipatso ndi masamba zosachepera magalamu 400 patsiku. Biringano palokha ndi lopepuka chifukwa mbali yake yaikulu ndi madzi, koma aliyense amene analikazingapo akudziwa kuti limamwa mafuta ngati thonje. Ukathira, poto amauma nthawi yomweyo, uthirenso, aumenso, ndipo mafuta onsewo amakathera m'mimba mwa wakudya. Ndinaima pakhomo la khitchini n'kumaona kapu yonse ya mafuta ikuzimirira m'tizidutswa tija, kenako alamu n'kuwonjezera mchere wodzaza dzanja ndi timibulu tiwiri tokometsera ndiwo timene tili kale ndi mchere wambiri. Kuwotcha kumapewa zonsezi, chifukwa utsi, ndimu ndi adyo zimagwira ntchito imene anthu amaisenzetsa mafuta ndi mchere. Chimenecho n'chimene chinatayidwa kudzala, ndipo ine n'kupatsidwa chimene adokotala anandiletsa, m'nyumba mwanga momwe, ati pofuna kundithandiza. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo matenda a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi sasankha khomo.

Chondikwiyitsanso n'chakuti anthu omwewa amene amanyansidwa ndi khungu lakuda la biringano, khungu loti timasenda n'kutaya, amaima pachiwaya madzulo aliwonse n'kumadya tchipisi chokazingidwa m'mafuta amene ada ngati oilo wa galimoto chifukwa chowiritsidwa mobwerezabwereza. Amagulira ndi ana omwe, n'kuwaza mchere pamwamba mpaka kuyera, ndipo sindinamvepo ndi mmodzi yemwe akufunsa wogulitsa kuti mafutawo anawasintha liti.