Kuchotsa munthu ntchito si mankhwala

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Wophika wina pa loji ina m'mbali mwa nyanja muno amuchotsa ntchito dzulo chifukwa cha mowa. Munthu woti wakhala akukazingira alendo chambo kuyambira ali mnyamata. Chimwalirire mkazi wake anagwera m'kachasu, ndipo aliyense ankaona: m'mawa maso ali psuu, manja akunjenjemera mpaka mpeni wopalira mamba kumupulumuka. Bwana ankaona. A HR, oyang'anira za antchito, ankaona. Panalibe ndi mmodzi yemwe womuitanira pambali n'kumufunsa kuti, "Achimwene, chikukusautsani n'chiyani?" Anangodikira tsiku lomwe wapsereza nsomba ya alendo, basi kalata m'manja.

Kalata ija yamuchiritsa? Mwamuchotsa, ndiye mowa wausiya? Ayi ndithu. Mwangomupatsa tsiku lonse loti akhale pa kachasu, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, ana akugona ndi njala. Kuchotsa munthu ntchito si mankhwala. Ndi kutaya wodwala kunja kwa mpanda kuti inuyo musamamuone.

Musandiuze za malamulo a kampani. Lamulo la dziko la za ntchito, Employment Act ya 2000, limati munthu asachotsedwe chifukwa cha khalidwe lake asanapatsidwe mpata wofotokoza mbali yake. Koma ngakhale mumve mbali yakeyo, funso langa ndi lakuti munamuthandiza chiyani? Kodi n'zodula kumupatsa tchuthi cha mwezi, kumupezera phungu woti azicheza naye mwachinsinsi? A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi chamba. Chipatala cha a matenda a maganizo chili pa Zomba pomwepa, ndipo galimoto yanu yopita ku Blantyre kukagula zakumwa za alendo imadutsa pomwepo. Mpando umodzi wa wodwala unasowa?

Anthu amamwa pa zifukwa zawo, maliro, banja, ngongole, sindichedwapo. Changa n'chakuti wantchito akadwala malungo mumati apite ku chipatala, akadwala mowa mumati chidakwa, chichoke. Inu a maofesi amene mumasaina makalatawa, Lachisanu madzulo timakuonani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo kunena zoona, malipiro mumapereka liti? Mwezi kutha, sabata ziwiri kudutsa, wantchito ali kwa a katapila, khadi la ku banki atamulanda. Nyengo ya alendo ikatha mumati bizinesi yavuta, koma galimoto ya bwana yasintha.