Pabwalo amamuseka, m'kalasi ndiye dikishonale: Lusaka yandichititsa manyazi ndi zakwathu

Lachisanu lapitali ndinaitanidwa kusukulu kwa Tadala, ndipo njira yonse kuchokera kunyumba ku Kalingalinga ndinkayenda ndikukonzeratu choyankha. Mwanayu wabwera kuchokera ku Mchinji mu Januwale, Chingerezi chake n'cha moni basi. Ndinkadziwiratu kuti andiuza zomwe zija timauzidwa: mwana wanu akutsalira, abwereze kalasi.

Ndinapeza aphunzitsi ake a Giredi 4, mayi wachitonga wochokera ku Southern Province, atagawa bolodi patatu ndi choko. Koyamba analemba mawu a kunyumba, pakati a m'buku, kumapeto a Chingerezi. Manzi, madzi. Vintu, zinthu. Bana, ana. Mailo, dzulo. "Bamake Tadala," anatero akupukuta choko m'manja, "uyu mwana wanu ndiye amanithandiza. Mau akanivuta mu buku, nimafunsa yeve." Ine kukamwa yasa.

Inu amene mwakhala kuno mukudziwa kuti Chinyanja cha m'basi ya ku Chawama si cha m'buku. Cha m'buku ndi Chichewa cha ku Katete ndi ku Chipata, chomwecho timachimva ku Mkaika pa Kulamba kwa Gawa Undi. Mwana wobadwira ku Mtendere akatsegula buku n'kupeza "kuthyola" kapena "mphwayi" amangoti maso tuzu. Pabwalo anzake amamutchula Tadala kuti wa Nyanja ya deep, amamuyeserera akati "ndikubwera". Akalowa m'kalasi omwewo amamukanganirana kuti akhale naye desiki imodzi. Aphunzitsi aja anaona zimenezi n'kumukhazika ndi kamtsikana kena kolongolola Chingerezi ngati wailesi: wina amapereka "zinthu", wina amabweza "things". Miyezi yochepa chabe, mwana wanga wayamba kundikonza ine.

Chandiwawa n'chakuti palibe amene anauzidwa kuti chiyankhulo cha kwanu n'cholakwika. "Manzi" ali pabolodi, sanafufutidwe. Kwathu sukulu ina yolipira imene mwana wa mchemwali wanga anaphunzira, ukagwidwa ukuyankhula Chichewa unkasesa bwalo lonse, ndipo makolo ndife amene tinkawomba m'manja kuti ndalama yathu ikugwira ntchito. Mwana uja lero amaloweza ndime yonse ya Chingerezi mosaphonya, koma umufunse kuti yati chiyani, amakanda m'mutu.

Taonani mmene mayiko awiriwa anasemphanirana ngati mabasi a pa malire a Mwami. Zambia inayamba kuphunzitsa m'Chingerezi kuyambira Giredi 1 mu 1966, inakhala nacho zaka zambirimbiri, kenako mu 2014 n'kunena kuti ayi, Giredi 1 mpaka 4 mwana aphunzire m'chiyankhulo cha m'dera lake. Chaka chomwecho cha 2014 ife a ku Malawi tinalengeza kuti Chingerezi chiyambire Sitandade 1, potsatira lamulo la maphunziro la 2013. Anzathu akutuluka m'dzenje, ife tikulumphiramo chadodolido. Chonsecho mu 1996 boma lathu lomwe linali litanena kuti Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chiyankhulo cha makolo awo. Zinathera papepala, mabuku a ziyankhulo zinazo osaoneka.

Inde, mphunzitsi wa ku Mchinji amene ali ndi ana odzaza mpaka pakhomo saphunzitsa m'Chingerezi, lamulo linene zimene linganene. Amayankhula Chichewa, ndipo kuwerenga Chichewa ana athu amaphunziradi. Umboni wake ndi Tadala yemweyu. Pamenepo Malawi ndiyipatse ulemu wake. Koma mlatho palibe. Mwana amasambira m'Chichewa zaka zinayi, Sitandade 5 akumuponya m'nyanja ya Chingerezi, Sitandade 8 mayeso onse m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa lokha. Amene wamira timati ndi mbuli.

Ndipo ndisanamizire kuti ndinkaziganiza kale. Ine Mchewa sindinadziwepo kuti kulowa m'kalasi n'kupeza buku likuyankhula zachilendo kumamveka bwanji, mpaka nditaona ana a ku Lusaka akulimbana ndi "mphwayi". Ndiye mwana wa ku Rumphi bwanji? Wa ku Mangochi, wa ku Nsanje? Chiyambire 1968, pamene Kamuzu ndi chipani chake anakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko n'kuchotsa Chitumbuka pawailesi ndi m'sukulu, mwana wachitumbuka amayamba ndi ziyankhulo ziwiri zachilendo tsiku limodzi. Kuno m'sukulu muli zisanu ndi ziwiri: Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Sizikwanira, Msoli ndi Mlenje wa pafupi pompa akhoza kudandaula, koma zisanu ndi ziwiri si chimodzi.

Musaganize kuti ndagulitsa dziko. Zina za kuno zimandinyansa ndithu. Tadala anachotseredwa mamalikisi awiri chifukwa analemba "chimanga" ndi "ntchito", pomwe buku la kuno limafuna "cimanga" ndi "nchito". Chiyankhulo chimodzi, mfumu imodzi, kalembedwe kuwiri, ngati kuti malire a pa Mchinji anadutsa pakati pa alifabeti. Komanso makolo a ku Lusaka pa nkhani yonyoza chawo atiposa kutali: ku Kabulonga ndi ku Woodlands kuli ana amene Chinyanja amangochimvera kwa wantchito, ndipo mayi ake amanyadira pa kitchen party kuti wanga samva vernacular. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi nawo adzaza ngati kwathu mu 1994, moti bolodi logawa patatu lija n'kutheka ndi luso la mayi mmodzi yekhayo, osati la dziko. Chingerezi cha mumsewu chokha ndiye ndivomere, mwana wa ku Lusaka amachitola msanga kuposa wathu.

Tsopano imvani chondipsetsa mtima. Maphunziro atsopano a kuno ku Zambia amene ayamba kulowa mu 2025 abwezanso Chingerezi kukhala chophunzitsira kuyambira kalasi yoyamba, ziyankhulo za makolo n'kutsala zongothandizira kufotokoza. Abale anga a ku Zambia, pa zonse zabwino zimene mukanatengera kwathu, chambo, mpunga wa Kilombero, tiyi wa ku Thyolo, mwasankha chimenechi? Tadala wapulumuka chifukwa kalasi yake ikadali pa dongosolo lakale. Mlongo wake wamng'ono akayamba Giredi 1 chaka chamawa.

Ndinawafunsa aphunzitsi aja ngati bolodi lawo lidzakhalepobe. Anaseka, n'kuloza bokosi la choko, nati bola chokocho chisathe. Potuluka ndinamva kamnyamata kena kakukuwa pawindo, "Iwe Tadala, 'kunong'oneza' ni cani?" Mwana wanga anabwerera, n'kukanong'oneza yankho m'khutu mwake.