Mimbulu tiziyiwerenga m'magulu, osati mitu

Anthu amakonda kufunsa kuti mimbulu yatsala ingati. Kwa ine funso lothandiza ndi lakuti magulu amene akuswana ndi angati, ndipo gulu lililonse lili ndi ikuluikulu ingati.

Pagulu lonse, kawirikawiri umaswa ndi waukazi umodzi wokha, wolamulira. Bere lake ndi la masiku pafupifupi 70, ana amabadwa pafupifupi khumi, ndipo amakhala kuuna miyezi itatu. Nthawi yonseyi ina imapita kosaka, n'kubwerako ndi nyama m'mimba kudzasanzira mayi ndi ana, pomwe umodzi umatsala kulondera fisi ndi mkango. Ndiye gulu likachepa mpaka ikuluikulu kusakwana isanu, zinthu zimasokonekera. Ukatsala wolondera, osaka amachepa ndipo fisi amawalanda nswala ili kukamwa. Ikapita yonse, ana amatsala okha. Msampha wa waya umodzi wogwira waukazi wolamulira ukhoza kubalalitsa gulu lonse, koma pa lipoti adzangolemba kuti wafa umodzi.

N'chifukwa chake ofufuza odziwa ntchito sathamangira chiwerengero. Amajambula mmbulu uliwonse mbali zonse ziwiri, popeza mawanga ake safanana ndi a unzake, ngakhale kumanzere ndi kumanja kwa mmbulu womwewo. Ukajambula mbali imodzi lero, ina mawa, uwerenga nyama imodzi kawiri. Kolala ya GPS, yosonyeza pamapu komwe nyama ili, amaveka umodzi kapena iwiri pagulu. Vuto lake n'lakuti wovala kolalayo ukachoka ndi abale ake kukayamba gulu lina, monga imachitira ikakula, mapu amaonetsa ngati gulu lonse lasamuka pomwe otsalawo simukuwaonanso.

Pali nkhani ya ku Botswana imene ambiri amaiseka, koma ili ndi phunziro. Mu 2017 ofufuza a ku Okavango anapeza kuti mimbulu isananyamuke kupita kosaka imayetsemula ngati ikuvota. Akayambitsa wolamulira, kuyetsemula katatu kumakwana. Akayambitsa wamba, pamafunika kakhumi. Nyama yogwirizana chonchi sungangoitola uku ndi uku n'kuitaya m'nkhalango.

Mu July 2021 mabungwe osamalira nyama zakuthengo a African Parks ndi Endangered Wildlife Trust anabweretsa mimbulu 14 kuchokera ku South Africa ndi Mozambique, 8 ku Liwonde ndi 6 ku Majete. Anayamba aitsekera mu mpanda kuti izolowerane ndi malo isanatulutsidwe, ndipo anachita bwino. Koma kumapeto kwa 2022 gulu la ku Liwonde linafa ndi poizoni. Kudyera pamodzi ndi kumwera pamodzi komwe kumailimbitsa n'komwenso kumaipha, ndipo chiwewe chochokera kwa agalu a m'midzi chimayenda chimodzimodzi chifukwa imanyambitana kukamwa tsiku ndi tsiku.

Ndalama za kafukufuku zisamathere pa makolala. Gawo lina lizipita kochotsa misampha pafupi ndi una m'nyengo yozizira, pamene imaswa, ndi kubaya katemera agalu a m'midzi yozungulira paki chaka chilichonse.