Zaka zisanu ku Joni, tchuthi n'kamodzi komwe ayi

Chibwerereni kuno ku Bangula funso ndi limodzimodzi. Kutchalitchi, pamsika, ngakhale wakabaza amene anandinyamula pasiteji: "Achimwene, zoona munalephera kudzaika mayi anu?" Malume mpaka lero amandiyankha moni akuyang'ana kumbali. Kwa iwo ndine mtchona amene anakonda ndalama kuposa wom'bala. Ndatopa kufotokozera mmodzimmodzi.

Ndinagwira ntchito zaka zisanu m'khitchini ya lesitilanti ina ku Johannesburg. Ndinayamba ndi kukwecha mapoto, kenako anandiika powotcha nyama. Kulowa 10 koloko m'mawa, kuweruka 10 koloko usiku, masiku 6 pasabata, Lamlungu lomwe. Malipiro R180 patsiku, m'kaenvulopu kopanda dzina. Gawani nokha: R15 pa ola, pamene mu 2023 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku South Africa anali R25.42 pa ola. Peyisilipi sindinaionepo. Ukangotchula za tchuthi, bwana ankakufunsa mofatsa kuti, "Pemiti yako ili kuti?" Tonse kukhitchiniko, Amalawi atatu ndi anzathu awiri a ku Zimbabwe, tinkangoti zii. Dzina lokha la Lindela, malo amene amatsekerako alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo, limam'tseka munthu pakamwa.

Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba yathu mu Malichi 2023, mayi anakhala masabata angapo pamsasa pasukulu, akugona pasimenti. Anachokako akutsokomola, ndipo sanapezenso bwino. Mlongo wanga anaimba Lachiwiri usiku kuti mayi atisiya, ine nyama ili pamoto. Ndinapita kwa bwana ndisanavule n'komwe epuloni. Anandigwira paphewa, anapepesa, kenako anati Loweruka kuli phwando lalikulu, ndidikire Lolemba. Anawonjeza kuti masiku amene ndidzakhale kulibe asadzandione ndikufunsa ndalama.

Lolemba! Wa kuchigwa kuno aliyense akudziwa kuti ndi kutentha kwathuku maliro sagonera masiku. Anaika Lachinayi. Ine ndinaonera pa WhatsApp, kavidiyo ka mphindi ziwiri kamene mphwanga anajambula, ndili chilili kuseri kwa furiji, mafuta ali m'manja. Ndikudziwa, ngakhale ndikananyamuka Lachitatu, ulendo wa basi wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza mpaka Blantyre, kenako kutsika Thabwa, sukanandifikitsa kumanda pa nthawi yake. Koma ndikanapeza anthu akadali pasiwa. Ndikanakhala pafupi ndi malume tsiku lometa.

Ndinapirira mpaka Juni, ndinanyamuka kubwera kumudzi. Nditabwerera ku Joni patatha masabata atatu ndinapeza mnyamata wina atavala epuloni yanga. Palibe kalata, palibe notisi, palibe khobidi.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi zimene ndinadzamva pambuyo pake kwa mayi wina wa ku Thyolo wogwira ntchito zam'nyumba, amene anawatengera mabwana ake ku CCMA, bungwe la ku South Africa lomva madandaulo a antchito. Kuli lamulo, Basic Conditions of Employment Act la 1997. Limati wantchito apume masiku 21 otsatizana chaka chilichonse akulandira malipiro onse. Kwa ine wogwira masiku 6 pasabata amenewo ndi masiku 18 a ntchito. Ntchito ikatha, masiku a tchuthi amene wasunga amayenera kusanduka ndalama. Limati kholo, mwana, mkazi kapena m'bale wobadwa naye akamwalira, uli ndi masiku atatu olipidwa ngati wagwira pamalopo miyezi yoposa inayi. Masiku atatu ndi ochepa kwa munthu wa ku Nsanje, ndikuvomera, koma ukaphatikiza ndi 21 aja umafika kwanu, umalira, umabwerera ntchito ili yako. Maola ndi 45 pasabata, opitirira pamenepo ndi ovataimu, ola limodzi kulipidwa ngati ola ndi theka. Ine ndinkagwira 72. Wogwira ntchito kupitirira chaka amayenera notisi ya masabata anayi.

Nanga pemiti ija ankatiopsezera? Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, khoti la zantchito linagamula kuti mlendo amene alibe pemiti yogwirira ntchito ndi wantchito ndithu, ndipo angathe kudandaula akachotsedwa mopanda chilungamo. Komanso wolemba ntchito munthu wopanda mapepala nayenso walakwira lamulo. Bwana uja ankadziwa zimenezi bwino lomwe. Kukadandaula ku CCMA n'kwaulere, koma wochotsedwa ntchito amapatsidwa masiku 30. Ine ndinamva patatha miyezi inayi, lendi itandithamangitsa kale m'kachipinda kanga.

Ndipo ndisangonena bwana yekha. Ifenso tili ndi mbali yathu. Mwana akamanyamuka pa Ngabu kapena pa Nchalo timam'patsa malangizo amodzi: ukakhale wofatsa, usakayankhe akuluakulu. Ku Joni kumeneko mabwana amauzana kuti Amalawi ndi okhulupirika, sadandaula, ndipo ife timanyadira tikamva. Kufatsa kumeneko n'kumene kunandiimika kuseri kwa furiji mayi anga akutsitsidwa m'manda. Kwathu konkuno Employment Act ya 2000 imapereka masiku 18 a tchuthi kwa wogwira masiku 6 pasabata, 15 kwa wogwira masiku asanu, koma kafunseni mlonda kapena mtsikana wa mugolosale pa Bangula pano ngati anapumapo ndalama ikulowa.

Mphwanga uja anajambula kavidiyo watenga pasipoti, akuti anyamuka akagulitsa thonje. Ndam'gulira kope laling'ono kuti azikalembamo tsiku lililonse ola lolowa, ola loweruka ndi ndalama imene walandira. Mayi ake akuti ndikum'phunzitsa mwano mwana.

Njerwa za chiliza ndaumba ndekha, zili pamulu kuseri kwa nyumba. Simenti ndilibe. Ndalama ya tchuthi cha chaka chimodzi chokha, R3,240 pa malipiro omwe aja, ikanagula simentiyo n'kutsalako ya mmisiri.