Chenjezo kwa inu ogulitsa voti pa mtengo wa chitenje

Loweruka lapitali pamsika wakwathu kuno ndaona zimene zandisowetsa tulo mpaka lero. Galimoto ya wandale wina inaima pafupi ndi ogulitsa usipa, galasi n'kutsika pang'ono, dzanja n'kuyamba kumwaza ma K1,000 ngati akuwazira nkhuku madeya. Anthu ndi ndevu zawo, ena a imvi anzanga, kugudubuzana m'fumbi, kupondana zala. Mayi wina wobereka mwana anakankhidwa, khandalo n'kumenyetsa mutu pa benchi ya tomato. Palibe anacheuka. Galimoto itanyamuka, anyamata n'kumaithamangira pambuyo, ati "bwana, ife sitinatoleko, tiponyereni ya fanta!"

Abale anga, tafika pamenepa? Manyazi anathawira kuti?

Musandiuze za umphawi. Umphawi tinabadwa nawo, tinakula nawo. Kodi pa 14 June 1993 tinali olemera? Tinadzuka kusanache, ena opanda nsapato, kukaima pamzere kusankha pakati pa nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi. Palibe anatipatsa chitenje, palibe anatigulira kachasu. Mantha okha ndiwo anali tho, chifukwa sitinkadziwa kuti mawa lake atitani. Komabe nyali inapambana, ndipo pa 17 May 1994 tinasankha tokha mtsogoleri pakati pa zipani zambiri. Inu obadwa dzulo mukuona ngati zinagwa ndi mvula.

Funsani agogo anu za khadi la chipani cha MCP m'nthawi ya Kamuzu Banda. Ayufi a malaya ofiira ankaima pachipata cha msika, wopanda khadi osalowa ngakhale kukagula mchere. Basi osakwera. Mayi woyembekezera ankauzidwa kuti agulirenso ali m'mimbayo. A Mboni za Yehova anathawira ku Mozambique ndi ku Zambia chifukwa chokana kakhadi komweko. Anthu anaolera kundende ya Mikuyu osaonako khoti. Nduna zitatu, Aaron Gadama, Dick Matenje ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza mu 1983, ife n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto, ndipo tinangoti zii poopa kutsatira. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ija yodzudzula boma mu March 1992 anaopsezedwa kuti aphedwa. Chakufwa Chihana, womenyera ufulu wa zipani zambiri, anangotsika ndege n'kumangidwa. Zonsezi zinachitika kuti iwe mnyamata lero udzipake penti thupi lonse, ulendewere pa lole utanyamula chikwanje, chifukwa cha K2,000 ndi kabotolo ka mowa? Ukatema mnzako wa chipani china, amene wakutumayo adzabwera kudzakuona ku Maula kapena ku Chichiri? Ana ake ali pa loleyo?

Gawo 12 la malamulo aakulu a dziko lino likunena poyera kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a Malawi, ndipo amene ali pamipando amangotisungira. Bwana ndi inuyo. Nanga bwana wanji wogwada m'fumbi pamaso pa wantchito wake? Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti. Andale akuliphwanya masanasana chifukwa akudziwa kuti inu mukudikira ndi manja otambasula. Wandale akabwera chimanjamanja kuti afotokoze mfundo zake mumamukuwiza, ati "tidya mfundo?" Ndiye mukufuna atani? Akuba mukuwaphunzitsa ndinu.

Ndipo mukuyesa ndalama akumwazazo ndi za m'munda mwake? Adzazibweza, ndithu adzazibweza, kuchulukitsa kakhumi. Adzazichotsa pa mankhwala a kuchipatala, pa mlatho umene ana anu amawolokerapo popita kusukulu, pa mjigo umene sudzakumbidwa. Mwaiwala kale Cashgate ya 2013, anthu akupezeka ndi ndalama za boma m'mabuti a galimoto? Tsiku limene mudzauzidwe kuti "mankhwala kulibe, kaguleni ku famase," mudzatulutse chitenje chija muone ngati chitsitse malungo a mwana. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, koma zanuzi zikupota makanda osalakwa.

China chondinyansa n'chakuti mukupereka ziphaso zanu za unzika ndi zovotera kwa anthu osawadziwa. Munthu angobwera ndi kope n'kunena kuti tikulemba maina a ngongole kapena a feteleza, inu piringupiringu kutulutsa ziphaso, manambala onse kulembetsa. Mwamufunsa kuti watumidwa ndi yani? Akupita nazo kuti? Kiyi wa nyumba yanu mungam'patse mlendo chotero?

Amayi, inunso ndikunena nanu. Tsiku lonse padzuwa kuvinira munthu amene dzina lanu salidziwa, ana kunyumba osadya, madzulo n'kubwerako ndi kapaketi ka shuga. Tinavina mokakamizidwa zaka makumi atatu, sizinakwane? Inu mafumu, ulemu wa ufumu mwausinthanitsa ndi envulopu, mpaka kuletsa chipani china kuchititsa msonkhano m'mudzi mwanu, ngati anthuwo ndi mbuzi zanu. Ndipo atsogoleri ena a mipingo, wandale akangoponya kangachepe m'mbale ya chopereka, guwa lonse mwam'patsa.

Phungu naye mwamusandutsa wogula mabokosi a maliro. Ntchito yake ndi kupanga malamulo, kuunika bajeti ndi kulondola mmene boma likugwiritsira ntchito misonkho yathu. Ndani mwa inu anamufunsapo kuti ku Nyumba ya Malamulo analankhulako chiyani? Ndani anafunsapo za ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, kuti zabwera zingati ndipo zagwira chiyani? Khansala wanu mukumudziwa n'komwe? Akaitanitsa msonkhano wa chitukuko cha m'mudzi, funso loyamba ndi lakuti "kuli alawansi?" Akati kulibe, pabwalo pamakhala mfumu ndi nkhalamba zitatu. Koma kumve kuti kukubwera matisheti, ngakhale odwala amadzuka.

Za zionetsero ndisayambe n'komwe. Gawo 38 likutipatsa ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, popanda zida. Penapake palembedwa kuti muthyole golosale ya mayi wamasiye? Kuti muwotche matayala pamsewu womwe mawa mudzaulirire kuti uli ndi maenje? Anthu 20 amene anafa pa zionetsero za July 2011 anafera kuti inu muzinyamula matumba a shuga a eni ake?

Pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, chija cha Tippex. Ankapita kukhoti moperekezedwa ndi asilikali, ndipo munthu wina atayesa kuwanyengerera ndi ndalama anakana n'kukamunenera. Dziko lonse lapansi linatipatsa ulemu. Iwo anakana mamiliyoni moyo wawo uli pachiswe, inu mukugonja ndi K1,000 imodzi yosakwana n'kugula sopo ndi mchere.

Ndikudziwa ena muyankha kuti tsabola wakale sawawa, madala apume. Nenani. Koma amene wakugulani lero sadzakumveraninso zaka zisanu zonse, ndipo mukadzalira pa wailesi kuti "boma litithandize" ine sindidzakumverani chisoni.

Dzukani m'fumbimo, sasani mawondo. Mukutichititsa manyazi.