Afiti aja sanagwire mpeni

Aphunzitsi anzanga a Chingerezi kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, tiyeni tikambirane za Macbeth, sewero la Shakespeare. Mukafunsa ana a Fomu 4 kuti anaphetsa mfumu Duncan ndani, ambiri amayankha mosaganiza kawiri kuti ndi afiti atatu aja. Ife timangovomera n'kupitiriza kulembetsa manotsi poti mayeso a MANEB ayandikira. Apa ndiye tikuwalakwira anawa.

Afiti aja anangolosera kuti Macbeth adzakhala mfumu ya Scotland. Zakupha sanatchule. Banquo, mnzake wa Macbeth, anali pomwepo, nayenso anauzidwa kuti zidzukulu zake zidzalowa ufumu, koma sanakhetse magazi a munthu pofuna ufumuwo. Ndiye chinasiyanitsa awiriwa n'chiyani? Funso limeneli ndi lomwe liyenera kutidyera nthawi m'kalasi, chifukwa yankho lake lili mumtima mwa Macbeth, momwe dyera la mpando linali litamera kale.

Taonani zomwe Shakespeare anatiikira. Asanaphe Duncan, Macbeth akuona mpeni ukulendewera m'malere. Atapha, tulo tikumuthawa. Paphwando, mzukwa wa Banquo, yemwe wamuphetsa, akuuona yekha, alendo onse akungoona mpando wopanda munthu. Afunseni ana kuti bwanji yekha? Nanga mkazi wake, yemwe ankaoneka wolimba mtima kuposa mwamuna, bwanji akudzuka usiku ali m'tulo, kumangotikita manja kuchotsa magazi omwe palibe, mpaka dokotala kuvomera kuti nthendayi yamukanika? Ichi ndi chikumbumtima, ndipo mwana wa ku Ngabu kapena ku Bangula akhoza kuchifotokoza bwino lomwe mukamupatsa mpata, ngakhale ayambe m'Chisena kapena m'Chimang'anja. Mikangano ya ufumu amaionera pakhomo pomwe.

Nkhaniyi imandikhudza pa chifukwa china. M'midzi mwathu munthu akamwalira mwadzidzidzi, chala chimathamangira kwa agogo osauka, ena kumenyedwa, ena kuthamangitsidwa pamudzi, chikhalirecho lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti. Ndiye mwana akamachoka m'kalasi atatsimikiza kuti Macbeth anangolodzedwa, tamuphunzitsa chiyani?

Yesani izi masana dzuwa likaswa mtengo, kalasi itatentha: tulukani mukakhale pamthunzi, mwana mmodzi akhale Macbeth, anzake amupanikize ndi mafunso ngati pabwalo la amfumu. Amufunse chomwe anaphera mkazi ndi ana a mdani wake Macduff, pomwe afiti sanatchule mkaziyo kapena anawo n'komwe.