Cigar musaiyese ndi mphete yake

Loweruka lapitali ndinaika chithunzi ndili pakhonde, cigar ili kukamwa, ndipo ambiri a inu munafunsa funso limodzi lokha: "Wagula zingati?" Mmodzi, amene sindimutchula chifukwa tinakhalira benchi imodzi kusukulu ku Kasungu, analemba kuti, "Chingambwe cha mabwana." Ndinaseka, koma pogona ndinaona kuti mnzangayu ndi amene anayandikira zoona kuposa nonse ofunsa mtengo. Cigar yeniyeni ndi fodya yekhayekha, tsamba pa tsamba, wopichiridwa ndi manja a munthu. Mulibe pepala, mulibe fyuluta. Chingambwe ndithu, kungoti chinaleredwa zaka zambiri ndi anthu odekha mtima.

Ine ndinakulira m'chigafa. Bambo anga ankalima fodya wa bale, ndipo ana tonse tinkasoka fodya, kupachika pa mikangala, n'kumadzuka m'bandakucha kukasankha masamba mpweya ukadali ndi chinyontho, chifukwa dzuwa likakwera tsamba limauma n'kumafumbutuka m'manja. Bambo sanasutepo moyo wawo wonse, koma akatenga tsamba ankalikulunga pachala, kulinunkhiza, kuliyang'anitsa polozetsa kuwala, basi adziwa giredi yake ogula a ku Kanengo asanalione. Nditabwera kuno ku Johannesburg n'kulowa koyamba m'chipinda chosungiramo ma cigar m'sitolo ina, fungo linandibwezera m'chigafa muja nthawi yomweyo. Wogulitsa ankandifotokozera zinthu ngati akuuza mlendo, ine mphuno yanga ili kwathu kale.

Zimene ankafotokozazo n'zimene bambo ankadziwa, mayina okha ndiye achisipanishi. Masamba a m'munsi mwa mtengo wa fodya amawatcha volado: ndi opyapyala, kukoma kwake n'kochepa koma amayaka bwino. Apakati ndi seco, ndiwo amabweretsa fungo. Akunsonga, amene apsa ndi dzuwa nyengo yonse, ndi ligero, okhuthala, amphamvu, oyaka mwaulesi. Wopichira, amene kwawoko amati torcedor, amatenga masamba athunthu a mitundu imeneyi n'kuwapinda m'litali, ligero pakatikati, kenako n'kumanga ndi tsamba lina lolimba. Mtolowo amaupana m'chikombole cha matabwa, ndipo pomaliza amaukutira ndi tsamba lakunja, losalala ngati nsalu ya silika, limene amalidula ndi kampeni kopanda chigwiriro kotchedwa chaveta. Akapanikiza kwambiri, utsi sutuluka, umangokoka mpaka masaya kuwawa. Akalekerera, cigar imayaka ngati udzu wa mu Okutobala n'kumaotcha lilime. Luso lonse lili pakati pa ziwirizi, ndipo kamphete ka pepala kagolide kaja, kokhala ndi dzina la kampani, kamene amaveka cigar, kalibe nalo gawo.

Ndiye ine ndikagula cigar sindithamangira moto. Ndimayamba ndaigudubuza pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati mayi akusankha mapeyala pamsika. Iyenera kubonyoka pang'ono n'kubwerera. Ndikapeza pena polimba ngati mfundo ndimadziwiratu kuti pamenepo utsi ukatsamwa. Pena pakakhala pofewa ngati mulibe kanthu, mbali imeneyo idzathamanga kuyaka inzake n'kutsalira. Kenako ndimadula kachipewa kakumutu, pang'ono pokha, chifukwa ukadula mopitirira tsamba lakunja limayamba kumasuka. Ndimakoka mpweya isanayatsidwe. Apa m'pamene cigar imakuuza zoona zake zoyamba: ina imamveka udzu wouma, ina zipatso zouma, ina, imene anaifulumizitsa, imakulasa m'mphuno ndi fungo la mkodzo wa mbuzi. Limenelo ndi amoniya, chizindikiro choti tsamba silinapatsidwe nthawi yokwanira.

Poyatsa sindilola lawi kukhudza tsamba, ndimangowaula kumapazi ndikuzunguliza mpaka pafiire mofanana. Kukoka kamodzi pa mphindi, osameza utsi, kungousunga m'kamwa n'kuutulutsa, pang'ono kudzera m'mphuno. Cigar ya saizi yotchedwa robusto, imene kutalika kwake ndi mainchesi 5, imanditengera pafupifupi ola. Ndimayang'ana mzere wa moto ngati ukuyenda molingana, ndi phulusa ngati likugwirana. Koma chimene ndimadikira kwambiri n'kusintha. Cigar yabwino siikhala chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Imatha kuyamba ndi tsabola wolasa kukhosi, pakati n'kufatsa n'kuyamba kutsekemera, kumapeto n'kulemera. Imene imangonena mawu amodzimodzi kwa ola lathunthu, ngakhale mawuwo akhale okoma, siindibwezanso kusitolo.

Ndili ndi kope limene ndimalembamo zimenezi, ndipo ndinasiya kalekale kukopera mawu a akatswiri a kunja. Iwo amalemba za zokoma zimene ine sindinalawepo, ndiye ndinganame bwanji kuti ndazimva? M'kope langa muli "mtedza wokazinga mumchenga", "nkhoko za nsima", "dothi la mvula yoyamba", "chimanga chootcha chopserera mbali imodzi", "chigafa cha bambo mu Epulo". Cigar ina ya kampani ya Padrón ndinailembera kuti "koko ndi chikonga cha agogo". Mnzanga wina wa ku Cape Town amandiseka, koma ndikabwerera ku kopelo patapita chaka ndimakumbukira bwinobwino mmene cigar ija inalili, pamene iye ndi manambala ake a 91 ndi 93 sakumbukira kanthu.

Manambalawo anatchuka ndi magazini ya Cigar Aficionado, imene Marvin Shanken anayambitsa ku New York mu 1992. Amapereka malikisi pa 100, ndipo sitolo zambiri zimamata nambalayo pabokosi ngati satifiketi. Sindiwanyoza onse ayi. Pali chinthu chimodzi chimene amachita chimene ndimachilemekeza: asanalawe amachotsa mphete, olawa osadziwa kuti cigar ndi ya kampani iti. Yesani zimenezi ndi anzanu amene amalumbira kuti iwo ndi a Cuba basi. Ife tinayesapo tili anayi, mkazi wanga ndiye anavula mphete n'kulemba manambala. Amene amafuula kwambiri za Havana anasankha ya ku Nicaragua ya mtengo wotsika, ndipo mpaka lero amati tsiku limenelo anali ndi chimfine.

Ine ndemwe mphete inandipusitsapo, ndisadzionetse ngati wochenjera. Chaka changa chachiwiri m'zimenezi munthu wina anandiitanira pambali pa phwando n'kundionetsa bokosi la Cohiba, cigar yotchuka ya ku Cuba, la chivindikiro cha galasi, akuti m'bale wake wabwera nalo kuchokera ku Cuba komweko, mtengo theka. Ndinapereka ndalama ya lendi osaganiza kawiri. Yoyamba inayaka mbali imodzi ngati nyumba ya udzu, ikununkha makatoni. Yachiwiri ndinaing'amba ndi lezala patebulo. M'malo mwa masamba athunthu munali zinyenyeswa, misempha ya masamba, ndi kaulusi ka saka. Zosesa pansi, zimene bambo sakanalola n'komwe kuti zilowe m'belo. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva zimene aliyense wodziwa amadziwa, kuti bokosi la Cohiba la galasi pamwamba ndi chizindikiro choyamba cha katundu wabodza. Chimene chimandiwawa mpaka lero si ndalamayo. Zala zanga zinandiuza pomwe paja paphwando kuti m'katimu muli mabowo ndi mfundo, koma maso anali pa kamphete kachikasu ndi kakuda.

Dzina la Cuba lili ndi chifukwa chake, sindikutsutsa. Dothi la Vuelta Abajo ku Pinar del Río limatulutsa tsamba la fungo lakelake, ndipo ukapeza yabwino umadziwa. Cohiba yomweyo inayamba mu 1966 ngati fodya wa Fidel Castro ndi alendo a boma, anthu wamba anayamba kuigula mu 1982. Koma mbiri inagawa luso lija. Boma la Castro litalanda mafakitale, ndipo America italetsa katundu wa ku Cuba mu 1962 (pulezidenti wa America John F. Kennedy anayamba watumiza mneneri wake Pierre Salinger kukamugulira ma cigar a ku Cuba a H. Upmann 1,200 asanasaine lamulolo, taonani mtima wa munthu), mabanja ambiri odziwa fodya anachoka ndi mbewu ndi nzeru zawo. José Orlando Padrón anayamba kampani yake ku Miami mu 1964, kenako n'kukakhazikika ku Estelí, Nicaragua. Ena anapita ku Dominican Republic ndi ku Honduras. Lero, maganizo anga, ukagula ma cigar khumi a ku Estelí khumi onse amakoka bwino, pamene m'bokosi la ku Havana sichachilendo kupeza awiri atatu otsekeka. Ndiye mu 2022 mitengo ya Cohiba anaikweza moti ina inafika kuwirikiza katatu. Tsamba ndi lomwe lija, opichira ndi omwe aja. Chinakwera ndi mphete.

Chimene cigar yabwino imagulitsa kwenikweni ndi nthawi. Tsamba likauma m'chigafa chawo, amaliunjika milu ikuluikulu yotchedwa pilón. M'kati mwa mulu mumatentha mokha, ngati mulu wa manyowa, ndipo amauphwasula n'kuupanganso kangapo, akunja kulowa m'kati, kuti usapse. Ukali ndi amoniya zimachoka pamenepo. Kenako mabelo amagona m'nyumba zosungira kwa zaka. A Padrón amati fodya wa mu cigar yawo yotchedwa 1964 Anniversary amagona zaka 4, wa mu yotchedwa 1926 zaka 5. Apa m'pamene mtima wanga umabwerera ku Kasungu n'kuwawa. Ife timawokera mu Disembala, pofika Epulo mabelo ali pa lole kupita ku okushoni, chifukwa ngongole ya feteleza siidikira ndipo ana akufuna fizi. Mlimi amalandira madola awiri kapena atatu pa kilogalamu, pamene cigar imodzi yolemera magalamu 15 imadutsa madola 10 mosavuta. Ndikudziwa, bale wathu ndi wa ndudu wamba, si mbewu ya cigar, musandikumbutse. Koma musandiuzenso kuti Africa singathe. Tsamba lakunja la ku Cameroon ndi limodzi mwa olemekezeka kwambiri padziko lonse, a Arturo Fuente akhala akukutira nalo ma cigar awo kwa zaka zambiri. Ku Maputo kuli a Bongani, ku Harare kuli a Mosi Oa Tunya, akupichira ndi manja. Ife amene fodya ndiye amatibweretsera ndalama zakunja zochuluka kuposa mbewu ina iliyonse, timangotumiza tsamba m'mabelo.

Za kasungidwe ndingonena mwachidule. Cigar imafuna chinyontho cha pakati pa 65 ndi 70 peresenti, ndi malo osatentha, chifukwa kukafunda kwambiri anankafumbwe a fodya amaswa n'kuboola bokosi lonse. Juni wanga woyamba kuno, ndi kuuma kwa mpweya wa Johannesburg, ndinasiya zisanu m'dirowa ndipo zonse zinang'ambika ngati zidendene za m'chilimwe. Simufunika bokosi lodula la matabwa onunkhira. Kontena ya pulasitiki yotseka bwino ndi kapaketi kosunga chinyontho ka Boveda zimagwira ntchito yomweyo.

Wina alemba pansipa kuti ndikukopa ana a eni, ndiye ndiyankhiretu. Cigar si yabwino m'thupi, ndipo amene amati "poti sitimeza utsi palibe vuto" akudzinamiza. Utsi umakhala m'kamwa ola lathunthu, ndipo khansa ya m'kamwa, ya pakhosi ndi ya kum'mero siifunsa ngati unameza. Cigar yaikulu imodzi imatha kukhala ndi fodya wofanana ndi paketi yonse ya ndudu. Kwathu khansa ya kum'mero ndi yochuluka kale kuposa maiko ambiri. Ine ndimasuta ziwiri pamwezi, panja, ana ali kutali, ndipo dokotala wanga amati ngakhale ziwirizo n'zambiri. Sindimutsutsa. Ngati simunayambe, simukusowa kanthu koti mpaka muyambire.

Disembala wapitayu ndinapita kumudzi nditanyamula cigar imodzi ya ku Cuba, Montecristo No. 4, yeniyeni ulendo uno. Ndinawapatsa bambo tili pansi pa mtengo wa mango. Mphete sanaiyang'ane n'komwe, anangoivula n'kupatsa mdzukulu wawo kuti aziseweretsa. Anaigudubuza m'zala, kuinunkhiza kumapazi nthawi yaitali, kenako n'kupalasa tsamba lakunja ndi chikhadabo.

"Ili analimira pamthunzi," anatero. "Taona misempha kuchepa."

Ananena zoona. Ku Cuba tsamba lakunja amalilima pansi pa nsalu yopyapyala kuti dzuwa lisalikhuthalitse, ndipo palibe anawauzapo zimenezo. Anafunsa kuti lagona miyezi ingati. Nditati zaka, anapukusa mutu n'kufunsa kuti nanga mlimi wakeyo amadya chiyani podikira.

Amalume, amene ndiwo amasuta pabanja pathu, anali akumvetsera chapatali. Anaipempha kuti aione. Ndisanatsegule pakamwa anali ataimasula kale, tsamba ndi tsamba, n'kuyala pabondo. Anang'amba pepala la kope lakale, ndipo mu cigar imodzi ija anapichiramo ndudu zisanu ndi imodzi. Anayatsa yoyamba ndi chikuni, kukoka, kutsokomola pang'ono.

"Ndi wabwino, mphwanga," anatero, zisanu zotsalazo akuika m'thumba la malaya. "Koma ngwofatsa. Ulendo wina udzabweretse wamphamvu."